Nyama ya Lachinayi

Bambo anasiya kudya nyama atangofika ku Cairo. Kenaka, pang'onopang'ono, anayamba kusiyanso zina zonse.

Tinakawatenga kumudzi, kufupi ndi Girga, maliro a Mayi atatha. Mlongo wathu amene anatsala kumudziko ali ndi banja lake ndi apongozi odwaladwala, ndiye sakanatha kuwasamala. Za kumene akakhale sitinakambirane nthawi yaitali. Achimwene anga a Gaber ndiwo oyamba kubadwa, ali ndi sitolo ya matailosi, amakhala m'nyumba yosanja yokwera pa chikepe, ndipo anali atagula kale bedi latsopano. Ine ndimayang'anira mapampu a madzi, ndimakhala ku Imbaba, dera lina la Cairo yemweyo, m'zipinda ziwiri ndi mkazi wanga Atiyat ndi ana athu atatu. Bambo akanagona pati?

Alamu anga a Nermin, akazi a achimwene, anabadwira m'tauni n'kukulira momwemo. Kumudzi amawanena kuti ndi onyada, koma ine kunyadako sindinakuonepo. Anawalandira Bambo ndi manja awiri. Dokotala atanena kuti mtima wa nkhalamba sufuna mafuta, alamu anayamba kugula nyama ya thole, mnofu wokhawokha, wopanda fupa, wofewa woti munthu n'kudula ndi supuni. Ankaphika okha, osasiyira wantchito. Pathebulo aliyense anali ndi mpando wake ndi mbale yake, ndipo mbale yoyamba kutuluka m'khitchini, yodzaza kuposa zonse, inali ya Bambo.

Lachisanu lina titachoka ku mzikiti ndinakadya nawo kumeneko. Bambo anakhala pampando ngati munthu wodikira sitima, ndodo ili pakati pa miyendo. Ananyema kabuledi, n'kukasunsa mumsuzi, n'kukasiya m'mphepete mwa mbale.

"Ababa, idyani," anatero achimwene. "Nyama iyi ngakhale nduna siziiona tsiku lililonse."

"Ndiye muzipititsire ndunazo, zingafe ndi nkhuli."

"Kapena mchere wachepa, a Haji?" anafunsa alamu. "Ndikuthirireni pang'ono? Dokotala palibe pano, sationa."

"Manja ako ndi abwino, mwana wanga. Mulungu akudalitse. Ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani? Mpweya?" Achimwene anaponya foloko pathebulo. "Taonani mkono wanuwo. Wotchi ikuchita kutsetsereka mpaka m'chigongono."

Bambo anayang'ana mbale yawo, kenaka mbale zathu zimene zinabwera pambuyo, n'kumwetulira pang'ono. "Mwandilandira bwino, Gaber. Palibe mlendo amene angadandaule pakhomo pano."

"Mlendo wake uti? Pano ndi panu!"

"Ndi panga, eti? Chabwino." Anadzuka ndi ndodo yawo n'kulowera kuchipinda.

Mawuwo ndinawamva, koma sindinawamvetse tsiku limenelo. Ine sukulu ndinaimaliza yamadzulo, ndevu zitamera kale, ndipo ndinazolowera kuti chinthu chimandifika m'mutu anzanga atatseka kale mabuku. Ndinangoti ndi chisoni cha Mayi. Tonse tinkatero.

Anawayeza magazi, anawaunika m'mimba, osapeza kanthu kupatula mtima umene tinkaudziwa kale. Koma thupi linkatha. Mkanjo wawo unayamba kulendewera ngati wayanikidwa pachingwe. Ankangomwa tiyi, ndi kabisiketi akakakamizidwa kwambiri. Mapeto ake dokotala anauza achimwene mosapita m'mbali kuti sabata ikatha zili chomwecho, awagoneke m'chipatala, aziwadyetsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Achimwene atawafotokozera, Bambo anangoti, "Mukamanditengera kumeneko munyamuliretu nsalu yanga ya kumanda, mungavutike kuyenda kawiri." Bambo si munthu woopseza. Ife amene tinakulira m'manja mwawo timadziwa kuti akanena chinthu ndiye kuti achiyeza kale.

Madzulo a tsiku limene ndinamva zimenezi kwathu kunali nkhuku. Tinakhala pansi mozungulira kathebulo kathu kafupi, ndipo titatha mpunga Atiyat anandikankhira poto monga amachitira nthawi zonse. Ndinayamba kugawa. Ntchafu kwa Yasser, mwana wathu wamkulu. Chidali kwa mlongo wake. Phiko ndi chiwindi kwa kamng'ono. Zipalapasiro kwa Atiyat, amene akapanda kuzipeza m'poto amakwiya ndi wogulitsa nkhuku sabata yonse.

"Chikopa chonsecho n'chanu, bambo a Yasser," anatero. "Mumamwa mafuta ngati basi yakale."

"Nanga iwe? Nkhuku yonseyi, iwe kusankha zimene imapondera zitosi."

"Musandiseke. Kwathu tinalipo gulu, ine wa kumapeto, wamkazinso. Poto ikamafika kwa ine inkakhala itatsala zipalapasiro basi. Lero mukandipatsa chidali ndimangomva ngati ndikutafuna thonje."

Dzanja langa linaima m'poto momwemo.

Kwathu kumudzi nyama inkadyedwa Lachinayi, tsiku la msika, ndipo inkakhala ya ngamila chifukwa ndiyo tinkaikwanitsa. Mayi ankaitereka dzuwa lisanafike pamutu kuti ifewe pofika madzulo. Tinkayamba ndi fatta, buledi wouma wonyowetsedwa ndi msuzi, mpunga pamwamba, adyo ndi viniga, tonse m'mbale imodzi. Nyama inkadikira m'poto yovundikira, pafupi ndi bondo la Bambo. Mbale ikayera, iwo ankapinda mkono wa mkanjo, n'kupisa dzanja m'poto, n'kumatchula maina. Kukakhala mlendo, nthuli yoyamba inali yake. Kenaka a Gaber, mnofu waukulu. Kenaka ine, ndipo popeza ndinali wowonda, wotsokomolatsokomola, ankandisankhira yonona. Kenaka mlongo wathu, kenaka Mayi. Gawo lako sunkalikana, sunkasinthana ndi wina, sunkayang'ana la mnzako. Iwo ankatsala ndi za pansi pa poto, fupa la khosi ndi mitsempha yake. Ndipo ife tikamaliza, tikamanyambita zala, ankasonkhanitsa mafupa athu onse pamaso pawo n'kuyamba kuwakukuta limodzilimodzi, mosafulumira, atatsinzina. Apa mpamene nkhope yawo inkaoneka ya munthu amene akudya.

Tili ana tinkayesa ndi kuumira. Mayi ndiwo anadzandiuza nditakula kuti Bambo anaferedwa makolo ali aang'ono, n'kukaleredwa kwa abambo awo aakulu, pakhomo la ana ambiri. Pogawa nyama dzina lawo silinkatchulidwa. Ankadikira anzawo amalize, kenaka ankapatsidwa mafupa kuti akataye kwa agalu, ndipo ankayamba akhala nawo kaye kuseri kwa khola la njati zoweta. Nyama yoyamba imene lilime lawo linaidziwa inali yotsala pa fupa la munthu wina.

Ndaganizapo kwambiri za zimenezi. Munthu amasintha mudzi, amasintha zovala, amasintha ngakhale kalankhulidwe kuti a m'tauni asamuseke, koma chimene chinamukomera pa njala ya ubwana sachisiya msanga. Sindikunena kuti n'zabwino. Mwana wamasiye wobisala ndi mafupa kuseri kwa khola si chinthu chokoma kuchikumbuka. Koma pakamwa sipafunsa ngati chinthu chinafika mwachilungamo. Pamangosunga kuti tsiku lakutilakuti mimba inali kulira, ndipo chakutichakuti chinaitonthoza.

"Bwanji? Mwapsa?" anafunsa Atiyat.

"Ayi. Kodi ngamila umatha kuphika?"

"Ngamila? Ndinkaona mayi akuphika. Imafuna moto wa tsiku lonse ndi mkazi wopanda kopita. Mwaiyamba liti nkhuli imeneyi?"

"Si yanga," ndinatero, n'kumufotokozera. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sachitachita. Nditamaliza anangoti, "Achimwene anuwo ndiye mukawauze nokha. Ine sindikhalapo."

M'mawa mwake ndinapita ku sitolo. Ndinapeza achimwene akukalipira antchito amene anaswa bokosi la matailosi potsitsa m'lole. Ndinadikira mpaka mkwiyo utaphwa, ataitanitsa tiyi.

"Achimwene, ndibwerekeni Bambo Lachinayi. Chakudya chimodzi chokha."

"Ukawapatsa chiyani chimene ine ndalephera kugula?"

"Ngamila. Ya pakhosi."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana mumzikiti. "Dahi, mutu wako ukuyenda bwino? Munthu wa mano anayi, mtima wodwala, iwe ukamupatse nsapato yowiritsa?"

"Ikawira bwino imafewa."

"Usandiuze za nyama imeneyo! Ndimaidziwa kuposa iwe. Iwe unkangodikira pambale, pakamwa yasa ngati mwana wa nkhunda. Ankatsuka matumbo ake ndani?"

Zinali zoona. A Gaber asanamere n'komwe ndevu, Bambo anawapereka kwa wopha ngamila wa pamsika kuti azithandiza Lachinayi m'mamawa, malipiro ake n'kukhala nyama imene tinkadyayo. Ankasenza matumbo kupita nawo ku ngalande, kuwakhuthula, kuwatsuka, kenaka n'kuthamangira kusukulu. Fungo silinkachoka ngakhale ndi sopo. Akalowa m'kalasi anzawo ankagwira mphuno, ena n'kumalira ngati ngamila yokana katundu. Madzulo ake ankapatsidwa nthuli yaikulu kuposa tonse, ndipo ankaimeza, chifukwa gawo silikanidwa. Chikwerereni sitima ya ku Cairo sanailawenso. Amawoloka msewu akaona mwendo wa ngamila utapachikidwa pa butchala. Ngakhale nyama ya nkhosa amayamba ainunkhiza.

"Ndinalumbira," anatero, mawu atatsika, "kuti Bambo anga akadzakalamba sadzagwiranso fupa. Adzadya nyama ya anthu, pambale yawoyawo, iwo oyamba. Moyo wawo wonse adya zotsala ngati galu. Iwe ukufuna afe akudyabe zotsala?"

"Sindikufuna afe. Basi."

"Ndiye ine ndikufuna?"

Sindinkaona kuti akulakwa. Chimene ankawachitira Bambo ndi chimene mwana wotsuka matumbo uja ankalakalaka wina atamuchitira: mbale yoyera, nyama yosanunkha, yosakumbutsa kumene yachokera. Munthu amapatsa mnzake chimene iye chinamusowa. Sindidziwa ngati pali mphatso ina yoposa imeneyo, koma siimufika aliyense.

"Pakhomo pathu nthuli yoyamba inali ya ndani?" ndinafunsa.

"Yanga."

"Kukakhala mlendo?"

Anatakasa tiyi amene anali atamutakasa kale.

"Mlendo ndi mame, achimwene. Inu mukuwapatsa ulemu, iwo akumva kuti dzuwa latuluka."

"Nzeru za kusukulu yamadzulo," anatero monyoza, koma osandiyang'ana. Anaseweretsa makiyi. "Lachinayi ndiwabweretsa. Akapanda kudya tikuchokera kwako komweko kupita kuchipatala, ndipo iweyo ndiwe ukawagwire miyendo. Ine nyama yakoyo sindikhudza. Umuuze mkazi wako andikazingire mazira."

Lachinayi Atiyat anatereka poto m'mawa, ndi anyezi wathunthu ndi tsabola wakuda, ndipo pofika masana fungo linali litatsika masitepe onse mpaka pamsewu. Kwa ine linali fungo la Mayi atamanga mpango kumutu, la udzu wouma padenga, la njala imene ikudziwa kuti ithetsedwa. Ndinaima pakhomo la khitchini ngati mwana mpaka Atiyat anandithamangitsa ndi chipande.

Bambo, achimwene ndi alamu anafika swala, pemphero la madzulo, itangotha, dzuwa likadalipo. Kwathu kulibe chikepe. Ndinafuna kuwanyamula Bambo pampando, ine ndi Yasser, koma anatiopseza ndi ndodo, n'kukwera okha, akupumira panjira. Kumbuyo kwawo kunali alamu, ndipo kumbuyo kwenikweni achimwene, kampango kali pamphuno.

Pakhomo Bambo anaima, n'kukweza mutu.

"Ngamila," anatero.

"Eya, Ababa."

"Yaing'ono kapena nkhalamba?"

"Wabutchala wati yaing'ono."

"Wakunamiza. Onse amatero. Ngamila zonse za pabutchala zinabadwa dzulo."

Tinakhala pansi. Alamu anavutika kupinda miyendo ndi siketi yawo ya m'tauni, koma anakana mpando umene Atiyat anawapatsa. Fatta inabwera m'mbale imodzi yaikulu. Ana anaigwera. Achimwene ankatola mazira awo cha m'mbali, akupumira pakamwa. Bambo anatapa kamodzi, n'kutafuna nthawi yaitali, osatapanso. Ndinaona achimwene akundiyang'ana, ine n'kuyang'ana mpunga.

Mbale itayera Atiyat anabwera ndi poto. Anandidutsa ine, n'kukaiika pafupi ndi bondo la Bambo, n'kuvundukula.

Bambo anayang'ana nthunzi. "Mwini nyumba ndi uyo."

"Inu mulipo, dzanja langa sililowa m'poto, Ababa," ndinatero.

Pamsewu wogulitsa gasi ankagogoda mabotolo ake ndi sipanala. Kamng'ono kanayamba kunena kanthu, mlongo wake n'kukatsina. Tinadikira. Kenaka Bambo anapinda mkono wa mkanjo, pang'onopang'ono, ndipo ndinaona bwino mmene mkonowo unathera. Anatchula dzina la Mulungu, n'kupisa dzanja.

"Mlendo wathu," anatero, akupatsa alamu nthuli yoyamba pa kabuledi. Alamu anailandira ndi manja awiri, akuyang'ana fupa limene linatulukira m'mbali ngati lingawalume. Iwo anakula mayi awo akuwadulira nyama tizidutswatizidutswa, ndipo anandiuzapo kuti anafika kusekondale asanadziwe kuti nkhuku ili ndi khosi.

"Gaber."

"Ababa, ine ndadya mazira."

Dzanja la Bambo linakhalabe lotambasula, msuzi ukuyenderera mpaka m'chigongono. Inali nthuli yaikulu kuposa zonse. Achimwene, munthu wa imvi, wolemba anthu ntchito, anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina wowapulumutsa. Kenaka anatambasula dzanja n'kulandira.

"Dahi." Yonona, yoyera mafuta mbali imodzi. Sanachite kufunafuna, zala zinaipeza zokha. Kenaka ana, aliyense ndi dzina lake, kenaka Atiyat. Dzanja linabwereranso m'poto, n'kutuluka ndi nthuli ina, n'kutembenukira kumanzere, mbali imene Mayi ankakhala, kumene tsopano kunalibe munthu. Linakhala m'malere pang'ono. Palibe amene anayang'ana mnzake. Kenaka anaiika pamaso pa kamng'ono. "Iwe, kula."

M'poto munatsala fupa la khosi. Analitulutsa, n'kuliika pa buledi patsogolo pawo, n'kupukuta zala. Kenaka anapinda manja pamiyendo.

Tinayamba kudya. Ine nyama imene ndinailakalaka tsiku lonse inangondizungulira m'kamwa. Ndinkaba maso kuyang'ana Bambo. Fupa linali pomwepo, likuzizira, mafuta akuyamba kugwirana. Ndinayamba kuganiza za masitepe, mmene tikawatsitsire, ndiponso ngati adzandiyang'anenso kumaso ndikawagwira miyendo. Mwina ndinalakwitsa. Mwina chinali chisoni basi, chimene poto siingachiphike. Achimwene anatulutsa makiyi a galimoto m'thumba n'kuwaika pabondo. Nthuli yawo inali pa buledi, yosakhudzidwa.

"Gaber," anatero Bambo, osakweza mawu. "Gawo lako likuzizira."

"Ababa..."

"Likuzizira."

Achimwene anachotsa kampango pamphuno, anatola nyama, anaiyang'ana monga munthu amayang'anira madzi akuya asanadumphe, n'kuluma. Anatafuna kawiri, katatu. Thukuta linatuluka pachipumi. Kenaka anadzuka mwadzidzidzi, bondo n'kugunda kathebulo, n'kuthamangira ku bafa. Nyumba yathu ndi yaing'ono, tonse tinamva. Ana anayang'ana pansi. Alamu anafuna kudzuka, Atiyat n'kuwagwira mkono.

Anabwerera nkhope ili yonyowa, maso ali psuu. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo ngati mwana wasukulu wochedwa.

"Pepani, Ababa. Ndayesa. Sindingathe." Anapuma. "Sindinaikondepo. Ngakhale tsiku limodzi, chiyambire."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ndinalibe maso ine? Unkaimeza ndi madzi ngati mankhwala a malungo."

"Ndiye munkandipatsiranji yaikulu?"

"Nanga ndikanapatsa ndani? Unaigwirira ntchito ndiwe. Ndikanakupatsa yaing'ono anthu akanati chiyani, iwe ukanati chiyani?" Bambo anapukusa mutu. "Ndinalibe china chokupatsa, mwana wanga. Poto inali imodzi."

Achimwene anapukuta kumaso ndi kampango kaja, nthawi yaitali kuposa mmene madziwo ankafunira.

"Bwera nayo kuno," anatero Bambo. "Nyama sitaya."

Yasser ndiye anawapatsira. Bambo anaitembenuza nthuliyo m'manja mpaka anapeza pamene panali mano a achimwene, n'kuyambira pomwepo. Ankatafunira mbali imodzi, kumene kwatsala mano, pang'onopang'ono, chibwano chonse chikugwira ntchito. Anameza. Anang'ambanso kena ndi zala. Kenaka anatsinzina.

Atiyat ankandifinya chala pansi pa kathebulo mpaka kuwawa. Alamu anayang'ana amuna awo, anayang'ana nthuli yawo imene anali atangoitsina m'mbali, kenaka anaikankha mwakachetechete.

"Inenso yandikanika, a Haji."

Bambo anatsegula diso limodzi. "Ana a masiku ano," anatero, n'kuikokera kwa iwo. "Mumasiya nyama pafupa ngati muli ndi ngamila zanu kuseri."

Ana ataona zimenezo anayamba kuunjika mafupa awo patsogolo pa agogo awo. Bambo anatola la Yasser, analizunguza, n'kuliponya pansi. "Ili ndiye ladyedwa ndi fisi. Iwe, agogo ako adya chiyani pamenepa?"

"Amayi amatikalipira tikasiya, agogo."

"Amayi ako ali ndi nzeru. Koma Lachinayi uzisiyako."

Sanadye zambiri. Theka la nthuli ya achimwene, timinofu ta pafupa la alamu, mafuta a m'fupa limodzi amene anawagogoda pa buledi, ndi msuzi pang'ono umene anamwera m'mbale momwemo. Kwa munthu wina sichikanatchedwa chakudya. Atamaliza anatsamira khoma, mafuta ali mbuu pandevu, akupuma ngati alima.

"Make Yasser."

"Wawa, a Haji."

"Waiphula msanga. Ngamila siiphulidwa mkazi akatopa, imaphulidwa fupa likavula lokha."

"Ndamva, a Haji. Ulendo wina ndidzaitereka dzulo lake."

"Ndipo tiyi wako akhale wakuda. Osati madzi otsukira makapu amene ndakhala ndikumwa."

Alamu anaseka koyamba tsiku limenelo, ngakhale tiyi wonyozedwayo anali wawo.

Achimwene ndinawapeza pakhonde, atatsamira chitsulo, akupuma mpweya wa pamsewu. Foni inali m'manja. Ndinaima pambali pawo, tonse tikuyang'ana zovala za anthu a kutsidya zili pachingwe.

"Fungo ili m'nyumba mwanga sililowa," anatero.

"Sikuti mpaka ngamila. Ngakhale thole lomwelo, bola la mafupa, poto imodzi, agawe okha."

"Ndiye ine ndizisiya dala nyama pambale ngati mwana wolera moipa, kuti bambo anga azidya malovu anga? M'nyumba mwanga, ana anga akuona? Ndinagwirira ntchito zimenezo zaka zonsezi?"

"Sindikudziwa, achimwene."

Ndipo sindinkadziwadi. Ndinkaona kuti kwa iwo kusiya nyama pafupa kuti Bambo atole kudzawawa mofanana ndi kumeza ngamila, ndipo adzayenera kuchita zimenezo osati kamodzi. Sindikanawauza kuti n'zopepuka. M'nyumba tinamva Bambo akufunsa kamng'ono ngati kamatha kuwerenga, kenaka phokoso la kupsipa fupa, lalitali, losachita manyazi.

Achimwene anatsinzina ngati phokosolo lawalasa. Kenaka anaimba foni, n'kutembenukira kumsewu.

"Adokotala, ndine Gaber, mwana wa a Haji Abdel-Rady. Eya. Ayi, sitikubwera lero." Anamvetsera. "Adya. Pang'ono, koma adya okha, osakakamizidwa. Tione kaye mawa ndi mkuja." Anamvetseranso, n'kundiyang'ana cham'mbali. "Adya chiyani? Nyama, adokotala. Nyama basi."